Ife othamanga kumbuyo tinalipiranso, madzi azitidikira

Loweruka lapitali ndinathamanga nawo mpikisano wa makilomita 21 kuno ku Mulanje, koyamba m'moyo wanga, ndili ndi zaka 44. Miyendo ikuwawabe mpaka lero, koma chimene chandikhala pamtima si miyendoyo ayi. Ndi tebulo la madzi limene ndinalipeza litachotsedwa.

Ine si katswiri. Zaka ziwiri zapitazo kuchipatala anandiuza kuti BP yanga yakwera, ndichepetse mchere ndipo thupi ndiziligwiritsa ntchito. Ndinayamba ndi kuyenda ndawala, kenako kuthamanga pang'onopang'ono m'misewu ya m'minda ya tiyi, m'ma 5 koloko mame asanakamuke. Masiku oyamba anthu ankafunsa, "Aphunzitsi, kwagwanji? Mukuthawa ndani?" Patapita miyezi amayi othyola tiyi anandizolowera, moti tsiku limene ndajomba ankandifunsa mawa lake ngati ndadwala. Nsapato ndinagula za pakaunjika pa Chitakale. Ndi zomwezo ndavala pampikisanowu.

Kuno kwathu kuthamanga si nkhani yachilendo. Mwezi wa Julaye timaonera Porters Race, anyamata ndi atsikana kunyamuka pa Likhubula, kukwera ku Chambe, kudutsa ku Lichenya n'kutsikiranso pa Likhubula pomwepo, makilomita oposa 20 a miyala ndi zitunda zokhazokha. Edson Kumwamba, amene anakatchuka pothamanga m'mapiri a ku South Africa, anayambira m'phiri lomweli. Tereza Master anakaimira Malawi pa marathon ya Olympics ku Rio de Janeiro mu 2016. Timawanyadira, ndipo n'koyenera. Koma ndaona kuti maso athu anazolowera kuyang'ana kutsogolo kokha. Woyamba akangodula chingwe, kwa ife mpikisano watha.

Anatiuza kuti tinyamuka 6 koloko. Tinanyamuka itadutsa 7, dzuwa litayamba kale kuluma pakhosi. Amati liwiro la mumchenga n'kuyambira limodzi, ndipo tinayambiradi limodzi, koma pasanathe mphindi zisanu gulu linali litatambasuka ngati chingwe. Tinalowera msewu wa ku Likhubula, phiri lili kudzanja lamanja, thanthwe la Chambe likuonekera patsogolo. Ndisanakwanitse n'komwe makilomita 7 ndinakumana ndi otsogola akubwerera. Abale, anyamata aja amathamanga! Phazi silimveka kugunda pansi. Ndinawaombera m'manja ndikuthamanga, mtima uli mbee, chifukwa n'chinthu chokoma kuona mwana wa kwanu akuuluka chonchija.

Popita madzi analipo. Pokhotera analiponso. Mavuto anayamba pobwerera. Pa makilomita 15, pamene m'mawa tinaona tebulo ndi achinyamata ovala maskipa a mpikisano, ndinapeza mabotolo opanda kanthu ali mbwee pansi, tebulo kulibe, munthu kulibe. Kukhosi kunali gwa, malovu atasanduka ngati ulimbo, ndipo m'zala ndinayamba kumva dzanzi. Oimitsa magalimoto nawonso anali atachoka. Maminibasi a ku Phalombe ndi njinga zamoto zinayamba kutipemerera fumbi, kutiimbira mahutala, ife n'kumadumphira m'mbali mwa msewu miyendo ili njenjenje. Kutsogolo kwanga mtsikana wina anakhala pansi m'ngalande atagwira katumba, minofu itakokana. Galimoto yotolera ofooka sitinaione.

Anatipulumutsa ndi mayi wina wogulitsa zitumbuwa m'mphepete mwa msewu. Anali ndi ndowa yabuluu yovindikira ndi mbale, ndi kapu imodzi yapulasitiki yothyoka chogwirira. Atandiona ndikudzandira anaimirira, natunga madzi, n'kubwera okha pamsewu.

"Imwani bambo, musagwe. Pang'onopang'ono, musagugudize."

Ndinamwa makapu awiri, yachitatu anandithira kumutu. Ndinati, "Mayi, ndilibe ndalama pano." Anandiyang'ana modabwa. "Madzi n'kugula? Pitani, anzanu akupita." Kenako anatenga kapu yomweyo kupita kwa mtsikana uja, n'kuyamba kumusisita mwendo ngati mwana wawo. Madziwo anali oti amwe okha tsiku lonse pamalonda pawo.

Ndinafika pomalizira patatha maola awiri ndi mphindi 48. Tenti inali ikugwetsedwa, mphoto zinali zitaperekedwa kale, alendo olemekezeka atapita. Mnyamata mmodzi yekha ndi amene anatsala, ndipo nambala yanga anailemba pachidutswa cha katoni. Kumbuyo kwanga kunali kukubwera anthu ena, kuphatikizapo bambo wina wa imvi amene anamaliza wopanda womuombera m'manja kupatula ife anzake otopa.

Tsono maganizo anga ndi awa. Munthu wofunika madzi kwambiri pampikisano ndi wa kumbuyo. Katswiri amamaliza makilomita 21 mu ola limodzi ndi mphindi zochepa, dzuwa lisanakwere. Ife timakhala pamsewu maola awiri ndi theka kapena atatu, thukuta likungochucha, ena tili ndi BP, ena shuga, ena ndi koyamba. Ngati pali woti akomoke, adzachokera pakati pathu. Nanga bwanji chisamaliro chimathera kwa amene sachifuna kwenikweni? Ndipo tinene zoona, ndalama zolembetsera zambiri zimachokera kwa ife a kumbuyo, chifukwa ndife ochuluka. Akatswiri ndi owerengeka.

Ndikudziwa kuti kukonza mpikisano si masewera. Othandiza ndi ndalama ndi ochepa, achinyamata oima m'matebulo ndi ongodzipereka ndipo nawonso amapsa ndi dzuwa, komanso msewu wa ku Phalombe sungatsekedwe mmawa wonse anthu ali ndi maulendo awo, odwala, maliro, malonda. Zonsezi ndikuvomereza, ndipo amene anakonza ndikuwathokoza kuti anatipatsa mpata. Koma zimene ndikupempha sizifuna mamiliyoni. Mutiuze polembetsa kuti msewu tiusunga maola atatu, aliyense adziyese yekha. Mukati 6 koloko ikhale 6 koloko, chifukwa ola limodzi lochedwa ndi ife timalilipira ndi dzuwa. Galimoto imodzi, ngakhale njinga yamoto, iziyenda kumbuyo kwa munthu womaliza. Tebulo lisachoke galimotoyo isanadutse. Mabotolo akatha, zigubu ndi makapu zilipo. Madzi a mumtsinje wa Likhubula amafika mpaka m'mipopi ya ku Blantyre, ndiye ife tizifa ndi ludzu tikuthamangira kumtsinje womwewo?

Pali chinanso chimene chimandiwawa. Anthu ambiri a msinkhu wanga amafuna kuyamba kuthamanga koma amaopa kusekedwa. Mnzanga wina wa kuntchito anabwera kudzaonerera, akuti chaka chamawa ayese. Ataona mmene tinafikira, tenti ikugwa, anangopukusa mutu n'kuti, "Achimwene, izi n'za anyamata." Mawu amenewo anandipweteka kuposa matuza a kuphazi, chifukwa iyeyu ndi amene akufunika kwambiri kukhala pamsewu uja. M'zipatala zathu mizere ya BP ndi shuga tikuiona tonse. Mpikisano wa m'dera ngati uwu ukanakhala khomo lolowera anthu otere, koma munthu sabwerera kumene anakamuonetsa kuti ndi wotsalira.

Ine chaka chamawa ndidzalembetsanso, ndipo mnzanga uja sindimusiya, tayamba kale kupangana zoyenda limodzi m'minda ya tiyi Loweruka lililonse. Kwa okonza, ngati vuto ndi anthu oima patebulo la makilomita 15, ndiuzeni msanga. Ndili ndi achinyamata a kumpingo kwathu amene angaime pamenepo ndi zigubu mpaka womaliza adutse.

Dzulo ndinapalasa njinga kubwerera pamalo paja ndi kapu yatsopano ndi paketi ya shuga. Mayi aja anandizindikira ndisanatsike n'komwe. Funso lawo loyamba linali lakuti, "Nanga mtsikana uja anafika?" Ndinawauza kuti anafika, akutsimphina, koma anafika ndi miyendo yake.