Zotchinga Magalimoto Kapena Zotchinga Anthu?

Zakwana! Kodi amene amaika zotchinga magalimoto m'malo a anthu oyenda pansi amayendamo n'komwe? Chichitikireni zija za mumzinda wa Nice ku France mu 2016, pomwe lole inapha anthu 86, mizinda yangoti mbwee zimiyala za konkireti, kuipa kwake ngati pamalo pomwe akugumula nyumba.

Chimwala chongokhazika osachimangirira pansi, lole ikachigunda chimangotsetsereka n'kukathyola miyendo ya anthu omwe amati chiwateteze. Mzati weniweni wotchingira magalimoto umayesedwa. Pa muyezo wa ku Britain wotchedwa PAS 68 ankaugunditsa ndi lole ya matani 7.5, pa liwiro lofika makilomita 80 pa ola. Mphamvu ya mzati ili pansi, m'maziko a konkireti ndi zitsulo. Pomwe padutsa mapaipi ndi mawaya, amaika maziko osaya koma otambalala. Nanga kungomanga mzati ndi mabawuti anayi pamwamba pa simenti ndiye kuti chiyani? Zokongoletsa?

Mpata pakati pa mizati usapose mamita 1.2, kupanda kutero galimoto ilowa. Koma ena amaithinanitsa mpaka njinga ya olumala kukanika kudutsa. Msinkhu uzikhala pafupifupi mita imodzi, iwo akuika tolekeza m'mawondo, totuwa pamsewu wotuwa, topanda ngakhale kamzere kowala. Munthu wovutika kuona atiwona bwanji madzulo? Oika zotchingawo akatero akudzalamo maluwa oti abise manyazi, osathirira, mawa lake anthu akutayamo zinyalala. Luso lake limenelo!

Ndiye pitani pakona pomwe amalowera malole a katundu. Geti lili chitsegukire, loko adasowa kalekale.