Galimoto yoti munthu sangakwanemo si galimoto

Zandikwana tsopano. Lero ndaonanso chithunzi china chikuzungulira pa Facebook, ati ntchito ya wophunzira wa chaka chomaliza, galimoto yaliwiro ya m'chaka cha 2040. Yofiira psuu, yonyezimira, yogona pansi, kumbuyo kukutuluka malawi chonsecho akuti ndi yamagetsi. Anthu angoti kukamwa yasa, ena mpaka kufunsa kuti makampani akudikira chiyani osamulemba ntchito mwanayu. Ine ndayang'ana denga, ndayang'ana matayala, funso langa ndi limodzi basi: woyendetsa akhala pati? Mutu wake auika kuti? Galimoto yoti munthu sangakwanemo si galimoto, abale. N'chithunzi.

Tiyeni tiwerengere limodzi, si masamu ovuta. Tayala la galimoto zamtunduwu, limu ya mainchesi 21 pamodzi ndi mphira wake, limatalika masentimita 70 kapena kuposerapo pang'ono. Pachithunzi chija denga langopitirira tayala ndi chikhatho chimodzi, ndiye kuti galimoto yonse ikuthera pa masentimita 85. Chotsanipo masentimita 10 kapena 12 a mpata wa pakati pa msewu ndi mimba ya galimoto. Chotsaninso kukhuthala kwa pansi pake, njanji za mpando, siponji, denga lenilenilo, ndi kampata koti mutu usamagunde mukakwera hampu. Kwatsala zingati? Mwamuna wamtali amene opanga galimoto amayezera, wa masentimita pafupifupi 188, akakhala tsonga, kuchokera pampando kufika paliwombo ndi masentimita oposa 90. Mutha kumutsamiritsa chagada, inde. Koma mukamugoneka kwambiri miyendo imawongokera kutsogolo n'kukalimbirana malo ndi matayala, maso ake n'kumaona dashibodi m'malo mwa msewu. N'chifukwa chake galimoto zenizeni zimathera pomwe zimathera: LaFerrari masentimita 112, Lamborghini Aventador 114, McLaren F1 114. Mukuganiza kuti a Ferrari ku Maranello ndi a Lamborghini ku Sant'Agata sankafuna kutsitsa denga? Ankafunitsitsa. Unawaletsa ndi msana wa munthu.

Ford GT40 inali yotalika mainchesi 40 okha, omwe ndi masentimita 102, ndipo imeneyo inali ya mpikisano, yosasamala zoti munthu akhale mwawofuwofu. Komabe Dan Gurney, woyendetsa wa mpikisano wamtali, sankakwanamo. Anachita kum'pangira kachotupa padenga kuti mutu ndi chipewa chake zilowe. Ndiye wina abwere ndi 85, popanda ngakhale kachotupako, mwati tiombe m'manja?

Matayala ndiye osanena. Pachithunzi chija chitsulo chakumbatira tayala lakutsogolo, pakati pake sipangalowe chala. Chimaoneka bwino, sindikukana. Koma tayala limenelo liyenera kukhota madigiri 30 kapena kuposa, kumanzere ndi kumanja. Tayala lotambalala masentimita 25, lotalika 70, likakhota madigiri 30 limasesa malo a masentimita oposa 55, ndipo mbali ina ya malowo imalowa mkati, komwe kuli mapazi anu ndi mapedulo. Liyeneranso kukwera ndi kutsika masentimita angapo sipuling'i ikamapanikizika, ndipo nthawi zina limachita zonse ziwiri pakamodzi, kukhota kwinaku likukwera. Wojambula wozindikira amayamba wajambula malo onse amene tayala lidzayendemo, kenako n'kuzungulitsa chitsulo kunja kwake. Ameneyu wayamba ndi chitsulo. Zotsatira zake n'zakuti galimoto yake imangoyenda molunjika pamsewu wosalala wopanda ngakhale kamwala. Pakona yoyamba mphira ukukhula bodi, pahampu yoyamba bodi yang'ambika. Ena amaposa apa: amaphimbiratu matayala akutsogolo, osakulitsa galimoto kuti tayala lipeze pokhotera. Ndipo mabuleki, madisiki a masentimita pafupifupi 40 amene amafiira ndi kutentha mukamaima kuchoka pa liwiro la makilomita 300 pa ola, mphepo yowaziziritsa ilowera pati? Chinthu chosakhota, chosaima, chosakwana munthu. Tikuchitchuliranji galimoto?

Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu, mkati muli nyerere. Apa ngakhale nyererezo mulibe, mkati ndi mopanda kanthu. Funsani kuti injini ili pati, akulozerani kumbuyo. Funsani rediyeta, zii. Injini ya petulo imagwiritsa ntchito pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a mphamvu ya mafuta poyendetsa matayala, zotsalazo zimasanduka kutentha, kwina kutulukira ku ekizozi, kwina kumadzi a rediyeta. Ndiye ukalemba monyadira kuti galimoto yako ili ndi mphamvu ya mahatchi 1,000, dziwa kuti walembanso kuti uli ndi moto waukulu wofunika kuutulutsa, ndipo moto umenewo umafuna mabowo enieni, olowera mphepo ndi otulukira. Bowo lolowera lopanda lotulukira ndi thumba chabe, mphepo imadzaza n'kuima. Marcello Gandini, wojambula Lamborghini Countach, yemwe ophunzira onsewa amam'tamanda, anakumana nazo. Countach imene inaonetsedwa ku Geneva mu 1971 inali yosalala m'mbali, yokongola kwabasi. Itayamba kuyesedwa inkatentha. Pomwe inkayamba kugulitsidwa mu 1974 inali itamera mabokosi okolera mphepo pamapewa ndi mabowo m'mbali. Bugatti Veyron maonekedwe ake anavomerezedwa mainjiniya asanathane ndi kutentha kwa injini ya W16, ndipo pomwe inkatuluka mu 2005 inali ndi marediyeta khumi. Khumi! Ngati anthu a ndalama zawo ndi mainjiniya awo anatuluka thukuta chonchi, kamng'alu kako kopyapyala kamene wajambula pansi pa chitseko kaziziritsa chiyani?

Ndikudziwa yankho lake, limabwera nthawi zonse: "Ndi yamagetsi, ilibe injini, ndi yam'tsogolo." Magetsi asanduka pobisalira aliyense wosafuna kuyeza. Batire si mzimu ayi, ili ndi thupi ndipo ndi yolemera. Rimac Nevera ili ndi batire ya 120 kWh ndipo imalemera kuposa matani awiri. Kuti mipando ikhale pansi anachita kuiyala batireyo pakati pa mipando, kumbuyo kwake ndi kumapazi, chifukwa ukaiyala pansi pa munthu wamukweza ndi masentimita 10 kapena kuposa, denga nalo lakwera. Batire imafunanso kuziziritsidwa, mamota nawo chimodzimodzi. Ikatentha kompyuta imadula mphamvu, liwiro lija lathera pomwepo. Nanga za mawilo obowoka pakati, opanda habu, zimene aliyense akujambula masiku ano? Beringi yake iyenera kukhala yaikulu ngati limu yonse, yolemera, yoyandikira fumbi ndi madzi, ndipo buleki sudziwa poimanga. Kuika mota mkati mwa wilo nako kumawonjezera kulemera pamalo amene sipuling'i siinyamula, tayala n'kumadumphadumpha m'malo momamatira msewu. Chaka cha 2040 sichidzafupikitsa miyendo ya anthu, ndipo sichidzathetsa kutentha.

Mphepo nayo siisekerera chithunzi. Chinthu chozungulira pamwamba, chimene mphepo ikulowa pansi pake mosalamulirika, chimanyamuka, ndipo mphamvu yonyamulayo imachuluka kanayi liwiro likangowirikiza kawiri. Lamborghini Miura inkapepuka kutsogolo paliwiro lalikulu, makamaka mafuta akamachepa chifukwa thanki inali kutsogoloko. Audi TT yoyamba anaiitanitsanso n'kuiika kaphiko kumbuyo chifukwa inkasowa bata paliwiro. Pa mpikisano wa ku Le Mans mu 1999, Mercedes CLR inauluka n'kutembenuzika m'mwamba katatu, kawiri ndi Mark Webber, kamodzi ndi Peter Dumbreck. Amenewo ndi akatswiri amene anayesa galimoto zawo. Wathuyu wangomata phiko lalikulu kumbuyo, kutsogolo osaikako kanthu kolinganiza. Phiko lotere limapondereza kumbuyo n'kutukula mphuno, chiwongolero n'kusanduka chidole m'manja.

Zitseko zimatsegukira m'mwamba chifukwa choti zitsegukire m'mwamba. Mercedes 300 SL ya 1954 inali ndi chifukwa: mapaipi a chasisi ankadutsa m'mbali, chitseko wamba sichikanatheka. Mercedes SLS AMG itabwerezanso zitseko zotero anaikamo mabawuti ophulika kuti galimoto ikagona chadodolido anthu atuluke. Pachithunzi chija hinje palibe, mzere wa chitseko ukudutsa pomwe payenera kukhala mzati wogwira denga. Galasi lam'mbali lapindika mbali ziwiri, silingatsike kulowa m'chitseko. Galasi lakutsogolo lagona mwakuti waipa singalipukute. Nyali zili m'maondo mwa bampala, pamene malamulo a ku Ulaya amafuna kuti nyali zounikira msewu zikhale masentimita osachepera 50 kuchokera pansi. Nambala ya galimoto alibe poiika.

Wina anena kuti ndikupha maloto a ana, kuti wophunzira ayenera kulota. Alote! Ndani wamuletsa? Lancia Stratos Zero ya 1970 inali yotalika masentimita 84 okha, misala yeniyeni. Koma inali ndi injini, inkayenda, ndipo Gandini anaganizira polowera: galasi lakutsogolo ndilo linali chitseko, munthu ankatsetserekamo n'kugona chagada. Analota, koma analota ali ndi tepi m'manja. Ndipo Stratos imene inakapikisana m'mipikisano ya rally denga lake linakwera kufika masentimita 111. McLaren F1 ya 1992 ndiyo imandithera mawu. Gordon Murray anaika woyendetsa pakati, anthu awiri m'mbali mwake chakumbuyo pang'ono, katundu m'nthiti, mapazi a woyendetsa n'kupeza malo pakati pa matayala osapotoka. Lingaliro lenileni linali mkati, Peter Stevens n'kuveka khungu pamwamba pake. Uku ndiye kulota. Kujambula chinthu chosatheka n'kosavuta, aliyense angathe. Chovuta ndi kujambula chotheka chimene palibe anachiganizirapo.

Mwina vuto ndi makompyuta amene amapukuta chilichonse kuti chiwale, mwina ndi njala ya ma like, kaya. Sizikundikhudza.

Chimene ndikupempha, achimwene ndi achemwali amene mukuphunzira ntchitoyi, n'chochepa. Musanationetse utoto wofiira, tionetseni chithunzi cham'mbali chokhala ndi munthu mkati. Ikani H-point, pomwe pali chiuno cha woyendetsa, chifukwa zonse zimayezedwa kuchokera pamenepo. Ikani mwamuna wamtali uja, ikaninso mayi wamfupi wa masentimita 150, tione ngati onse akufikira mapedulo ndi kuona msewu. Lembani mzere wochoka m'diso kudutsa pamwamba pa boneti, wina wokwera kukaona maloboti. Jambulani tayala litakhota mpaka kumapeto. Onetsani bokosi la injini kapena la batire pa msinkhu wake weniweni, ndi mivi ya mphepo polowa ndi potuluka. Kenako umbani ndi dongo, ngakhale kakang'ono ka 1:4, kochepa kanayi poyerekeza ndi galimoto yeniyeni, monga amachitira m'masukulu a ntchitoyi ku London, Pforzheim kapena Pasadena, chifukwa dongo silibisa: mzere umene unkaoneka bwino pa sikirini, ukauzungulira ndi maso umapezeka kuti sukumana ndi unzake kumbuyo. Mukachita izi n'kutulukabe ndi chinthu chodabwitsa, ine ndidzakhala woyamba kuvula chipewa. Mukapanda kutero musatiuze kuti mwapanga galimoto. Nenani kuti mwajambula chithunzi, tidzakuyamikirani pa utoto.

Komanso iyi ya mabaji. Aliyense amangomata kavalo wa Ferrari kapena ng'ombe ya Lamborghini pamphuno kuti chithunzi chilemere. Chotsani bajiyo muone ngati wina angadziwe kuti ndi ya ndani. Zonse nkhope imodzi: kamzere kopyapyala ka nyali, ngodya zakuthwa paliponse, denga lagalasi lokhalokha loti dzuwa likawomba munthu apsa. Ndipo tsopano kwabwera zina zopanda chiwongolero n'komwe, ati zimadziyendetsa zokha, mkati mwaikidwa mipando yoyang'anizana. Galimoto yaliwiro yodziyendetsa yokha? Munthu alipire ndalama zonsezo kuti akhale pasinjala?