Chinyengo m'makanema a nthabwala opanda mawu

Alembi, m'nkhani yanu mwanena kuti makanema afupiafupi a nthabwala a nthawi imene mafilimu analibe mawu ankadalira kugwa ndi kuthamangitsana basi, koma ine ndikuona kuti ambiri mwa iwo ankayendetsedwa ndi chinyengo. Popeza osewera sankamveka polankhula, bodza linkayenera kuoneka ndi maso, kaya ndi chipewa chobwereka, ndevu zomata kapena diresi. Chitsanzo chabwino ndi The Masquerader ya 1914, yopangidwa ndi kampani ya Keystone ya Mack Sennett ku Los Angeles, momwe wosewera wa nthabwala Charlie Chaplin, atachotsedwa ntchito, anabwerera atavala ngati mayi, ndipo bwana yemwe anam'thamangitsa uja anayamba kum'kopa osadziwa kuti ndi munthu yemweyo. Chimene chimandiseketsa kwambiri ndi chakuti woonera amadziwa zoona kuyambira pachiyambi, kotero amangodikira nthawi imene chinsinsicho chiululike. Filimu yotere inkakhala yaifupi, choncho panalibe mpata wofotokoza zambiri, ndipo kuthamangitsana kumene mwatchulako kunkabwera wonyengayo atagwidwa kale.