Malabala a galimoto zakale: ku Germany amadalira fakitale, ku France amadalirana

Pa galimoto yakale chitsulo chimawotchereredwa, injini imamasulidwa n'kumangidwanso, koma labala akauma wauma basi. Wa m'mphepete mwa galasi akang'aluka, madzi amalowa n'kukaunjikana pansi pa kapeti, dzimbiri n'kuyamba kudya galimoto kuchokera m'kati. Germany ndi France ndi ogundana malire, ndipo konseku galimoto ikakwana zaka 30 ikhoza kulembetsedwa ngati yakale yosungidwa, koma kapezedwe ka malabalawa n'kosiyana.

Ku Germany anthu amathamangira kwa amene anapanga galimotoyo. Mercedes-Benz, Porsche, BMW ndi Volkswagen onse ali ndi nthambi zogulitsa zipangizo za galimoto zawo zakale. Umangopereka nambala ya chassis, iwo n'kukupezera labala woyenera, ndipo akatha koma omufuna n'kuchuluka, nthawi zina amapangitsa wina. Lamulo nalo limakankhira komweko, chifukwa nambala ya H, yopatsidwa kwa galimoto zakale zosungidwa, yomwe inayamba mu 1997, imafuna galimoto yooneka mmene inatulukira kufakitale. Labala wotereyu amakhala m'malo mwake popanda kulimbana naye, chitseko n'kumatseka ndi dzanja limodzi. Mtengo wake wokha ndi woboola m'thumba. Ndiponso zonsezi zimatheka ngati kampaniyo ikadalipo. Mwini galimoto ya Borgward, kampani ya ku Bremen yomwe inagwa mu 1961, akagogode kwa yani?

Afalansa vuto limeneli analizolowera kale. Kampani ya Facel Vega inatseka mu 1964, ya Panhard inasiya kupanga galimoto za anthu wamba mu 1967, choncho eni galimotozo anaphunzira kugwirana manja m'makalabu. Mmodzi amachotsa labala amene wapulumukako bwino, amamudula chopingasa kuti aone kapangidwe ka m'kati, amamuyeza, kenako onse amasonkha ndalama ya chikombole n'kupereka ntchitoyo kufakitale yaing'ono. Chikombolecho ndiye chodula. Labala weniweniyo si nkhani. Zimachedwa, ndipo oyamba kutuluka nthawi zina amakhala olimba moti chitseko umachita kuchimenyetsa.

Chimene ndimawapatsira ulemu n'chakuti m'makalabumo mumasungidwanso nzeru. Citroën DS, yomwe inatuluka mu 1955, imayendetsa mabuleki, chiwongolero ndi masipuling'i ake ndi mafuta a hydraulic. Mu 1966 kampani inasiya mafuta ofiira a LHS n'kuyamba obiriwira a LHM, ndipo mtundu uliwonse uli ndi malabala akeake. Kuwayang'ana ndi ofanana, koma ukasokoneza amafufuma n'kuphwanyika, mafuta n'kuyamba kuchucha paliponse. Munthu wapakalabu sangakugulitse asanakufunse mtundu wa mafuta amene ali m'thanki.

Msampha wina uli mbali zonse ziwiri za malire. Pa zionetsero za galimoto zakale monga Techno-Classica ku Germany kapena Rétromobile ku Paris umapeza labala wa kufakitale ali m'pepala lake, sanagwirepo ntchito. Mupinde pang'ono musanalipire: zaka zomwe wakhala pashelefu zamukalambitsa, ndipo timing'alu timaonekera pompo. Amathandiza poyezera chikombole, osati kuika pagalimoto.

Kwa mwini Mercedes kapena Porsche amene thumba likumulola, njira ya ku Germany ndi yosavutitsa mutu. Koma pa galimoto zosowadi ine ndili mbali ya Afalansa, ndipo eni Borgward ku Germany komweko nawonso amadalira makalabu awo.