Musanagule bodhrán, yambani mwaitembenuza

Kwa inu amene mukufuna bodhrán, ng'oma ya ku Ireland ija yokhala ndi chikopa mbali imodzi yokha, maganizo anga ndi awa: musakopeke ndi zojambula. Zambiri zopakidwa zeze ndi maluwa zomwe zili m'mashopu a alendo ku Dublin n'zokongoletsera khoma basi. Penti imaumitsa chikopa, ng'oma n'kumalira mopanda kuya.

Itembenuzeni muone kumbuyo. M'kati mwa thabwa lozungulira mukhale mkombero wina wokankhidwa ndi masikuluwu 6 kapena 8, omwe mumapotokola ndi kasipanala kotchedwa Allen key kapena ndi zala. Apa m'pamene pagona nkhani. Chikopa cha mbuzi chimalefuka kukachita chinyezi, kukatentha chimakungika mpaka kung'ambika pamisomali. Ng'oma yopanda masikuluwu ikakungika mumaiwaza timadzi, koma ikalefuka mumangoifunditsa pang'ono, monga posisita chikopa ndi dzanja. Musaiwambe pamoto ngati ng'oma zakwathu, chikopa chake n'chopyapyala ndipo thabwa limapindika. Pokunga, potokolani pang'onopang'ono sikuluwu imodzi kenako yoyang'anizana nayo, kuti chikopa chikokeke mofanana.

Chikopacho chiyang'anitseni kuwala. Mukaona malo ena opyapyala kwambiri, zipsera kapena timabowo, isiyeni. Pitsanipo dzanja m'kati: chikhale chosalala ndi chofewa, chifukwa dzanja lamanzere limakhala likutsetsereka m'menemo, kukanikiza ndi kumasula kuti mawu akwere kapena atsike. Chikopa chokhakhala chimachita phokoso lokwecha, ndipo maikolofoni amalitola.

Kukula kwake, zakale zinali za mainchesi 18. Oimba ambiri lero amakonda 14 mpaka 16, zakuya mainchesi 5 kapena 6, chifukwa zimakhazikika bwino pantchafu ndi m'khwapa komanso mawu ake apansi amamveka. Ine ndimati wongoyamba atenge ya 15 kapena 16. Zina zimakhala ndi mtanda wamatabwa awiri kumbuyo, koma umatchinga dzanja. Bola kamtengo kamodzi kapena popanda chilichonse.

Tepi yakuda mukaiona m'mphepete mwa chikopa musaganize kuti abisa pong'ambika. Imachepetsa kulira kotsalira mukamenya. Seamus O'Kane, wopanga ng'omazi wa ku Dungiven ku Northern Ireland, ndi amene anatchukitsa njirayi, ndipo ng'oma zake, pamodzi ndi za Christian Hedwitschak wa ku Germany, n'zimene oimba odziwa amazilemekeza. Mtengo wake ndi wokwera, koma yotchipa mudzagula kawiri.

Thabwa likhale lozungulira bwino. Igonekeni patebulo, ikamagwedera ndiye kuti yapindika. Onaninso polumikizira ngati guluu wagwira.

Kamtengo koimbira, komwe amati tipper kapena cipín, kopatsidwa ulere nthawi zambiri kamakhala kolemera ndi konenepa. Gulani kena kopepuka, ka masentimita pafupifupi 23. Ngati mukugula pa intaneti, muuzeni wogulitsayo akutumizireni vidiyo ya ng'oma yomweyo ikulira, yomasula ndiponso yokunga, osati ya inzake yofanana nayo.