Chitupa si Baibulo, tamvani

Msuweni wanga wina wandikwiyitsa zedi pa gulupu yathu ya WhatsApp. Tikulemba mbiri ya banja, kuti ana athu obadwira ku Mufakose ndi ku Mabvuku, mu Harare kuno ku Zimbabwe, adziwe komwe tinachokera, iye wangofufuta zonse zimene azakhali ananena zokhudza agogo aamuna, ati chitupa chikunena zina ndipo chitupa chili ndi sitampa. Sitampa! Azakhali amene anadya nawo nsima mbale imodzi zaka zonsezo akhale abodza, kalaliki amene anawaona tsiku limodzi pamzere ndiye akhale wodziwa zoona?

Taonani nokha. Chitupa chikuti agogo anabadwa 1938. Khadi la ubatizo la ku CCAP likuti 1927. Mwala wa pamanda ukuti 1930, ndipo tonse tikudziwa kuti chaka chimenecho anangochiganiza amalume tsiku lokagula mwalawo. Pomwe azakhali akuti agogo anachoka kumudzi ku Malawi nthawi ya njala ya 1949 atakwatira kale, mwana ali kumsana kwa agogo aakazi. Ndiye werengani, munthu wobadwa 1938 anali ndi zaka 11 mu 1949, mwana wa zaka 11 ali ndi mkazi ndi khanda? Masamu a sitandade 3 awa, koma munthu wa digiri akukakamira pepala.

Pepala limalemba zimene wolemba anamva, basi. Makolo athu ankabwera kuno ndi Mthandizi, bungwe lolemba anthu ntchito, ena wapansi, kudzagwira m'mafamu a fodya ndi m'migodi ya ku Shamva ndi Hwange uko, ndipo palibe amene ananyamula satifiketi yobadwira chifukwa kumudzi kunalibe zimenezo. Kalaliki amangokuyang'ana nkhope nkulemba chaka. Nchifukwa chake theka la agogo athu anabadwa pa 1 January, mukuganiza kuti zinangochitika? Dzina nalonso bwana akalephera kutchula amangoti Jim, nkulowa m'buku choncho mpaka imfa. Kwawo amangolemba Blantyre ngakhale munthu wa ku Dedza kapena Ntcheu, si paja mpaka lero amatitcha Mabhurandaya tonse.

Ndipo msuweni yemweyu anafuna kugawa agogo aakazi kukhala anthu awiri, ati pepala lina likuti Fort Johnston lina likuti Mangochi. Achimwene, ndi malo amodzi amenewo, anangosintha dzina. Port Herald ndi Nsanje, Fort Manning ndi Mchinji, ngati momwe Salisbury inasandukira Harare mu 1982. Kafunseni kaye musanatipatse agogo owonjezera.

Sindikuti tayani mapepala, ayi. Ndikuti funsani pepala lililonse kuti analemba ndani, liti, ndipo anamuuza ndani. Khadi la kutchalitchi analemba abusa amene ankalidziwa banjalo, chitupa analemba mlendo wothamangira kuweruka. Zikasemphana lembani zonse, china pambali pa chinzake, ndi kuti ichi chachokera kwa uje. Osafufuta. Kenako yesani ndi zinthu zimene sizisuntha, njala ya 1949, Chitaganya cha 1953 mpaka 1963, Kamuzu kubwera 1958. Nkhalamba siidziwa deti koma imadziwa kuti mwana uyu anabadwa Chitaganya chisanathe, ndipo pamenepo siiphonya. Mawu a akulu amakoma akagonera, inu mukufuna mudzawamve azakhali atagona ku manda a ku Mbudzi?

Amene ali ndi nthawi apite ku National Archives pa Borrowdale Road akafufuze, nzabwino, koma akapeza fayilo asabwere kudzatiopseza nayo ngati yatsika kumwamba. Analembanso ndi munthu, mwinanso kalaliki yemwe uja.

Chinanso chondinyansa, anthu omwewa amene lero akulambira mapepala ndi omwe zaka zonsezi ankabisa kuti ndi a ku Malawi. Chitupa chitalembedwa ALIEN ankachibisa pansi pa matilesi, Chichewa osayankhula pa basi, ena mpaka kusintha Phiri ndi Banda kutenga mayina achishona. Malamulo oyendetsera dziko la Zimbabwe a 2013 atatsegula nkhani ya unzika, ndi nkhani ya nyumba ya agogo itayamba kununkhira, aliyense wasanduka katswiri wa mbiri ya banja. Maliro a agogo aakazi simunabwere, sanabwere ndi mmodzi yemwe wa ku Joni, chopereka tinachita kukumbutsana katatu.