Khoma la dothi si umphawi ayi

Dzana usiku tagona pakhonde, ine ndi ana awiri, chifukwa m'nyumba munali ngati mu uvuni. Nyumba yomwe timachita lendi kuno ku Kapata, m'tauni ya Chipata, ndi ya mabuloko opyapyala aja a mainchi 4, malata pamwamba, siling'i palibe. Okutobala akafika, 10 koloko m'mawa malata ayamba kale kuthetheka, ndipo wamng'onoyu msana wonse ndi tiziphuphu ta thukuta.

Sabata yatha ndinali kwa ambuya anga kufupi ndi Mtenguleni. Yawo ndi ya zidina, khoma lokhuthala bwino, denga la udzu lotulukira kunja mpaka kuphimba khonde. Ndinalowa dzuwa lili paliwombo, mkati muli ziii. Ambuya anandiyang'ana n'kunena kuti, "Mdzukulu wanga, khoma limamwa dzuwa pang'onopang'ono, silimeza."

Sananame. Taganizani za mafuwa. Moto ukayaka satentha msanga, koma ukazima amakhalabe ofunda mpaka pakati pa usiku. Dothi, njerwa ndi miyala n'chimodzimodzi: khoma likakhala lokhuthala, kutentha kwa masana kumatenga maola ambiri kuti kulowe mkati, ndiye kumafika kunja kutazizira kale. M'nyengo yozizira ya Juni ndi Julaye khoma lomwelo limasunga dzuwa la masana n'kumakufunditsani usiku. Kungoti nthawi yotentha muzitsegula mawindo madzulo, mphepo idutse, apo ayi khomalo likubwezerani zonse zomwe lamwa. Nanga Chipata usiku sikumazizirirako? Kuno si ku Mfuwe, kuchigwa kotentha kuja.

Chimandipweteka n'chakuti timanyoza zimenezi. Munthu akapeza kandalama ka fodya kapena soya, choyamba ndi mabuloko opyapyala ndi malata opanda siling'i, kenako fani. Tonse tikukumbukira 2024, madzi atachepa ku Kariba chifukwa cha chilala, magetsi n'kumazima pafupifupi tsiku lonse. Mafani aja anali chete, ife thukuta kamukamu.

Sindikunena kuti tiziwotcha njerwa mwachisawawa. Uvuni umodzi umadya mitengo yambiri, ndipo mapiri athu ozungulira tauni ayera kale mokwanira. Pali njerwa zopanikiza pamakina, dothi losakaniza ndi simenti pang'ono, zosafuna moto n'komwe. Mdani wa dothi ndi madzi, choncho maziko akhale a miyala, okwera ndithu, denga litulukire kunja kuti mvula isamenye khoma. Malata muwaike, palibe vuto, koma oyera ndi siling'i pansi pake.

Kapuloti kanga ndagula kale. Mmisiri woyamba nditamufotokozera kuti ndikufuna nyumba ya dothi anaseka, akuti anthu adzati ndalama zinandithera panjira. Ndamusiya. Amene mukudziwa mmisiri kuno ku Chipata kapena ku Katete amene anamangapo ndi njerwa zopanikiza, chonde ndiuzeni, ndikufuna maziko ayambike mvula ikangotha.